Dzina Limene Lameki Anafa Nalo

Khutu langa lakumanzere silimva. Anthu kuno ku Nsaru akafuna kundiuza kanthu amayamba azungulira n'kudzaima kudzanja lamanja, ndipo ena amati ndimachita dala. Sindichita dala. Khutulo linatsala ku Joni, m'mgodi wa pulatinamu, kumene ndinagwira ntchito ndi mnzanga Lameki Mbewe wa ku Kabudula.

Lameki tinadziwana chifukwa cha fodya. Tonse tinali alimi, ndipo mabelo athu ankakwera lole imodzi popita ku okushoni. Chaka china fodya wathu anabwezedwa, tikam'tumizanso n'kubwezedwanso, mpaka anayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina Lameki anatulukira pakhomo panga pa njinga, thukuta lili kamukamu, ndipo anakana mpando.

"Achimwene, ine ndatopa. Khasu landikana. Tiyeni kumwera."

"Kumwera tikatani ife osaphunzira?"

"Kukumba. Nanga kukumba kumafuna setifiketi?"

Mkazi wanga Nabanda sanakane. Anangoti, "Pitani, koma musakatchone." Mkazi wa Lameki, Nangondo, ndiye anatiperekeza mpaka pa Nsaru, mwana wawo Tadala atam'gwira padzanja. Minibasi itanyamuka, Lameki sanacheuke. Anati akacheuka atsika.

Masiku amene anatidindira m'pasipoti anatha tisanapeze ntchito. Tinkagona m'kachisakasa ka malata, m'komboni yomwe inamera pafupi ndi mgodi, pamalo ouma opanda mtengo wa mango ngakhale umodzi. Kumeneko tinaphunzira kuti munthu wopanda mapepala salowa pansi, koma dzina limabwerekedwa. Panali eni dziko ena osagwira ntchito amene ankabwereketsa zitupa zawo, iwo n'kumadya nawo mwezi ukatha. Kontilakita amene anatilemba ankadziwa zonsezi, koma maso ake anali pa mapewa athu, osati pa zithunzi. Lameki anasanduka Thabo. Langa sinditchula, ndinalisiya komweko.

Masiku oyamba kapitao ankati akafuula kuti "Thabo!" Lameki ali phee, kuyang'ana kumbali. Ndinkachita kum'gunda ndi chigongono. Tikaweruka iye ankaseka mpaka misozi.

"Akuti limatanthauza chimwemwe. Ndiye achimwene, muzindilemekeza, ndine bambo Chimwemwe."

Kutsika m'mgodi sindidzakuiwala. Tinkapanikizana m'chikepe ngati nkhuku za pa msika, chitseko n'kutsekedwa, kenako mimba n'kukwera kukhosi. Mukafika pansi mumayendanso mtunda, kutentha kukuwonjezeka, mpaka mufike pamalo ogwirira ntchito. Pamenepo munthu suimirira. Denga limakufika m'chiuno. Umayenda ndi maondo ndi zigongono, tochi ili pachipumi, madzi otentha akudontha pamsana. Lameki, poti anali wamphamvu, anam'patsa makina obowolera thanthwe. Ankagona chammbali, mwendo atatsamiza pa makinawo, thupi lonse likunjenjemera kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Ine ndinkaimika mizati yochirikiza denga ndi kukokolola miyala ndi fosholo.

Tsiku lina tikupuma, tikung'ung'udza m'chinenero chathu, tinamva mawu kumbuyo.

"Ana inu, kwanu n'kuti?"

Anali mkulu wina waimvi, atanyamula nyundo, tchizulo ndi timatumba. Anati ndi a Gama, kwawo kwenikweni ku Nambuma, koma anachokako ali mnyamata ndipo anakwatira komweko. Chichewa chawo chinali chakale, china chitathawa. Iwo anali ndi mapepala enieni. Ntchito yawo inali yogoba tizidutswa ta thanthwe n'kupititsa kwa akatswiri a miyala kuti akayeze. Kuyambira tsiku limenelo tinapeza kholo. Lamulungu masana tinkapita kwawo, ife kuwauza za kumudzi, iwo kutifunsa za anthu amene anamwalira kalekale.

Kumeneko ndi kumene Lameki anafunsa funso lomwe linkamuvuta.

"Bambo Gama, dziko lonseli ndi mwala wokhawokha. Bwanji eni mgodi sakukulitsa malo kuti tiziimirira ngati anthu? Tinawalakwira chiyani?"

A Gama anaseka, n'kulowa m'nyumba. Anabwera ndi botolo la madzi, anathiramo dothi la pabwalo lodzaza dzanja, n'kukhutchumula. Analiika pansi pakati pathu.

"Liyang'aneni, ine ndizikamba. Zimenezi anandiphunzitsa ndi akatswiri amene ndawanyamulira zikwama zaka zonsezi. Kale, kusanakhale munthu kapena nyama, mwala wonse tikukumbawu unali phala lamoto. Linakwera kuchokera pansi penipeni, koma silinatulukire kunja. Linatsakamira m'kati mwa nthaka, n'kuyala ngati dambo lalikulu, lalikulu kuposa kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mchinji. Poti linali lofunditsidwa, linazizira pang'onopang'ono. Likamazizira, timiyala tinkabadwa m'phalamo, tolemera n'kumamira. Onani m'botolomo."

Tinayang'ana. Mchenga unali utakhala kale pansi, pamwamba pake dothi lofiirira likuyamba kuyala, madzi akadali ofiira.

"Mtundu uwu ukamira, ubwere wina, uyale pamwamba pa unzake. N'chifukwa chake pansi paja mumaona mizere, woyera, wotuwa, wakuda, ngati fodya wosanja m'belo. Tsono phala lija silinabwere kamodzi. Linkati likuzizira, lina latsopano lotentha n'kulowa, n'kusakanikirana ndi lakale. Zikatero, mwala wakuda uja wa kuromu unkagwa wambiri nthawi imodzi. Munkabadwanso timadontho ta sulufule ndi chitsulo, tosagwirizana ndi phalalo, monga mafuta akanirana ndi madzi. Pulatinamu m'phalamo anali wochepetsetsa, womwazikana, koma amakonda timadontho timeneti. Tikamamira tinkam'tola m'njira, ngati phula litola fumbi, n'kukagona naye pamzere umodzi. Mzere umenewo ndi umene timautcha rifu. Kutalika umapita kutali, koma kuchindikala kwake, mkono umodzi basi."

"Ndiye mkono umodziwo ndi umene ukutikwawitsa?" anafunsa Lameki.

"Eya. Mwala wa pamwamba ndi wa pansi ulibe kanthu. Kuukumba n'kutaya ndalama. Ndiye amakumba mzere wokhawo, munthu n'kumupinda kuti akwanemo."

Lameki anati, "Ndiye kuti msana wangawu anauweruza kale dziko lisanaume, eti?"

A Gama sanaseke. Anatenga kamtengo n'kujambula pansi.

"Mverani ichi, chifukwa ndi chimene chingakusungeni. Pamwamba pa rifu pali timizere tina takuda, topyapyala ngati chala. Pamene padutsa kamzere koteroko, mwala wa m'munsi ndi wa pamwamba sunagwirane. Uli ngati masamba a buku. Malo ambiri timizereto tili patali, zitsulo ndi mizati zimagwira. Koma pali malo ena pamene phala lotentha linakumba pansi pake mwala usanalimbe, rifu n'kutitimira ngati dzenje. Mukaona rifu ikuyamba kupindikira pansi, dziwani kuti timizere tija tayandikira mitu yanu. Gogodani denga. Likalira ngati ng'oma, tulukani."

Zaka zinapita. Kumudzi ndinkatumiza zimene ndikanatha, ndipo Nabanda anafolera nyumba ndi malata. Lameki analowetsa Tadala ku sekondale, chithunzi cha mwanayo atavala yunifolomu n'kuchimata pakhoma pamwamba pa mphasa yake. Kupita kwathu sitinkatha. Munthu wopitirira masiku ukatuluka pachipata cha m'malire, kubwereranso ndi mwayi. Bambo anga atamwalira ndinamva pa foni, ndipo m'mawa mwake ndinatsika pansi monga mwa masiku onse. Mafoni a kunyumba anayamba kufupika. Poyamba Nabanda ankandiuza za mbuzi, za mvula, za amene wakwatiwa. Pambuyo pake ankangoti, "Tonse tili bwino. Feteleza wakwera."

Lameki ankati tigwire chaka chimodzi chokha tizipita. Ankanena zimenezi chaka chilichonse.

Sabata imene kunachitika ngozi, rifu pamalo pathu inayamba kupindika. Mzere wakuda umene unkayenda mowongoka unaweramira pansi kudzanja lamanja. A Gama anadutsa, anayang'ana nthawi yaitali, n'kupaka utoto wofiira pathanthwe. Anauza kapitao kuti akatswiri abwera mawa kudzaona, ndipo ndi bwino malowo apume. Kapitao anagwedeza mutu ngati wamva. A Gama atangokhota, anatiuza kuti tipitirize. Mwezi unali kutha, ndipo gulu lathu linali litatsalira pa muyeso wa ntchito ya mweziwo.

Ndinatenga chitsulo n'kugogoda denga. Linayankha mawu a mphako.

"Bwana, denga ili silili bwino."

"Iwe ndiwe katswiri wa miyala tsopano? Onjezera mizati. Ngati ukuopa, kunja kuli anthu ambiri ofuna ntchito, ndiponso ali ndi mapepala awoawo."

Mawu omalizawo anawanena akundiyang'ana m'maso. Ndinayang'ana Lameki. Iye anapukuta nkhope ndi chipewa cha m'kati.

"Achimwene, tibowole mabowo ochepa tituluke. Katengeni mizatiyo, ine ndiyambeko."

Ndinakwawa kubwerera kumene tinkaunjika mizati. Sipanali patali. Ndinali nditagwira umodzi pamene makina a Lameki anayamba kulira, ndipo ndinali ndisanautembenuze pamene analeka. Sindinamve kugwa. Ndinangomva mphepo ikundimenya mbali yakumanzere, n'kundigwetsera pathanthwe, fumbi lili tolo, tochi osaonetsa kanthu. M'khutu munalira kabelu, kenako munati zii mpaka lero.

Mwala umene unagwa unali wosalala ngati chitseko, waukulu ngati chipinda. Pamwamba pake panali pakuda, ponyezimira, pamene unasiyana ndi unzake. Tinakumba ndi zitsulo, ndi manja, ine ndikuitana dzina lake lenileni, osasamalanso kuti akumva ndani. Titam'peza, nkhope yake inali yosavulala. Kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi sindikambako.

Kuofesi analemba kuti wamwalira ndi Thabo. Tsiku lachiwiri Thabo mwiniwake anatulukira pachisakasa pathu, maso ali psuu.

"Mwandipha! Boma likuti ndafa! Ana anga adya chiyani ine nditafa pa pepala?"

Koma m'bale wake amene anabwera naye anam'kokera pambali, ndipo ndinamva akunong'onezana za chipepeso chimene kampani imapereka munthu akafera pantchito. Pochoka, Thabo sankakalipanso. Anandiuza kuti nditseke pakamwa, iwo aika malirowo mwaulemu.

Ndinapita kwa a Gama. Anali atakalamba m'masiku awiri.

"Mwana wanga, sindikunamiza. Ukakhala chete, mnzako aikidwa kuno ngati Thabo, ndipo iwe ntchito ipitirira. Ukayankhula, afunsa kuti iweyo ndiwe yani. Ndipo sindikulonjeza kuti ukayankhula apita kwawo."

"Inu mukanatani, bambo?"

"Ine ndinakhala chete kambirimbiri. N'chifukwa chake ndili ndi nyumba."

Ndinakhala masiku atatu. Chithunzi cha Tadala chinali pakhoma pomwepo. Tsiku lachinayi ndinapita kupolisi n'kunena kuti munthu ali m'nyumba yachisoniyo ndi Lameki Mbewe, wa ku Kabudula, m'boma la Lilongwe, ku Malawi, ndipo ali ndi mkazi ndi mwana. Wapolisi analemba zonse bwinobwino. Atamaliza anati, "Nanga iwe, chitupa chako chili kuti?"

Sindinabwererenso kuchisakasa kuja. Ananditsekera, kenako ananditumiza kumalo kumene amasungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Ndinakhalako miyezi, ndikutsokomola. Ndinafika ku Malawi ndi jumbo ya pulasitiki, m'kati muli malaya awiri.

Pakhomo ndinapeza nyumba ya malata, yokongola kuposa mmene ndinkaiganizira. Nabanda anandiyalira mphasa pakhonde, anagwada patali n'kundipatsa moni ngati mlendo wochokera ku mpingo. Ana anali atakula, ankandiyang'ana ngati akufuna wina awauze chochita. Zonse za pakhomo, za munda, za mbuzi, za sukulu, ankafunsa alamu anga, mchimwene wake wa Nabanda, ndipo anapitiriza kuwafunsa ine ndili pomwepo. Kwathu kobadwira, munda wa bambo abale anga anali atagawana kale. Palibe amene anandichitira chipongwe. Anangozolowera kukhala popanda ine, ndipo malo amene ndinasiya anali atatsekeka ngati bala.

Nditapuma masiku awiri ndinabwereka njinga kupita ku Kabudula. Uthenga unali utafika kale pa foni, koma ndinayenera kukaunena ndi pakamwa. Anandilandira atsibweni ake a Lameki, a Chisale, pamodzi ndi abale ena. Nangondo anakhala pakhomo la khitchini, manja ali pamiyendo. Ndinafotokoza zonse, za rifu yopindika, za denga, za dzina. 

"Tamva," anatero a Chisale. "Koma mtembo uli kuti?"

"Ukadali komweko. Amalawi anzathu anasonkha kangachepe koti ubwere, koma mtembo wa mayina awiri sudutsa pachipata. Abale a Thabo akuti ndi wawo, kontilakita akuti sadziwa Lameki aliyense, ndipo pasipoti yake inasowa pamene anthu anathyola chisakasa chathu."

Nangondo anayankhula osandiyang'ana.

"Alamu, inu mukuti anafa Thabo. Pepala likuti anafa Thabo. Ine Thabo sindim'dziwa. Amuna anga ndinawaperekeza pa Nsaru ali moyo."

Sanalire. Anakana kumeta, anakana kuvala zakuda. Anthu akabwera kudzapepesa ankawapatsa madzi akumwa n'kuwafunsa za kwawo.

Pasanathe mwezi, mawu anayamba kuyenda. Anapita awiri, wabwera mmodzi. Ena ankati ndinam'pereka mnzanga kwa eni mgodi kuti ndikhwime. Ena ankati Lameki ali moyo, anakwatira Msutu, ndipo ine anandituma kudzanama. Pa msika wa Nsaru mayi wina anakoka mwana wake nditadutsa. Ndinkafuna kuwafunsa kuti kodi munthu wokhwima amayenda ndi nsapato zong'ambika chonchi, koma ndi khutu limodzi sukangana ndi mudzi.

Mvula itagwa kawiri, a Gama anaimba foni. Mawu awo anali otopa.

"Ndayesetsa, mwana wanga. Ndayenda maofesi onse. Abale a Thabo anaona kuti nkhani yavuta, anathawa. Boma latopa kusunga. Amuika sabata yatha, kumanda a anthu osowa abale. Ndinapitako ndekha. Anali anthu angapo tsiku limenelo, dzenje lililonse atatu. Ndinapemphera m'Chichewa chimene ndikukumbukira."

"Pamandapo alembapo chiyani?"

"Palibe dzina. Akhoma kachitsulo ka nambala."

Ndinapalasanso njinga kupita ku Kabudula. A Chisale anamva, anaitana akuluakulu, ndipo anagwirizana kuti mwambo uchitike, mzimu wa munthu usamangoyendayenda, ndiponso Nangondo amasulidwe. Adzukulu anakumba manda. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu yoyera n'kuliika m'bokosi. Azimayi a mpingo anaimba. Ine anandiika kumbuyo, ndipo palibe anandipempha kuti ndiyankhule.

Bokosi lisanatuluke m'nyumba, Tadala anabwera kudzandiitana. Anali atasiya sukulu chaka chimenecho, ndipo anali wamtali ngati bambo ake. Anati mayi akundifuna kuseri.

Ndinam'peza Nangondo ataima pafupi ndi nkhokwe, maso ali ouma. Ankadziwa za khutu langa, choncho anazungulira n'kuima kumanja.

"Alamu, ndikufunsani zinthu ziwiri. Mundiyankhe zoona, pano palibe wina. Munawaona ndi maso anu?"

"Ndinawaona. Ndinawapukuta fumbi kumaso ndi dzanja langa ili."

"Anali iwo?"

"Anali iwo, mlamu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. 

"Chachiwiri. Kumene agonako, pamanda pawo, alembapo dzina liti? La munthu uja?"

Ndinaganiza za a Gama ataima okha pakati pa maenje, ndi kachitsulo kokhomedwa m'dothi la eni. Ndinaganiza zoti mayiyu sadzapitako, ngakhale Tadala, ngakhale ine.

"Alembapo Lameki Mbewe," ndinatero. "Ndi Kabudula yemwe alembapo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Kenako anakhala pansi pomwepo, padothi, anamasula mpango kumutu, n'kuyamba kulira mokweza, kuitana mwamuna wake ndi dzina, ndipo azimayi anathamanga kuchokera kumaso kwa nyumba kudzam'gwira.

Ine ndinatenga njinga yobwereka ija n'kuyamba kuikankha kulowera ku Nsaru. Kumanda sindinapite nawo.